Tsiku Limene Selestina Anasenza Firiji

1. Katundu wa Amayi

M'nyumba ya a Ezron Mbewe ku Bundabunda munali chinthu chimodzi chimene nyumba zina zonse za m'deralo zinalibe. Inali firiji, koma osati zija zazitali zimene timaziona m'masitolo. Iyi inali yaifupi, yolekeza m'mawondo, yotuwa, yokhala ndi zogwirira m'mbali ndi chivundikiro pamwamba. Inapangidwira anthu a maulendo ataliatali, aja ogona m'matenti kutchire.

Amene anabwera nayo ndi a Ednah, akazi awo a bambo Ezron. A Ednah ankaphikira alendo odzaona nyama zakutchire. Ankayenda nawo pa chigalimoto chachikulu, mwezi uno ku Mfuwe, mwezi wamawa ku Livingstone, nthawi zina mpaka kutuluka m'dziko. Mabwana awo atagula mafiriji atsopano, yakaleyo anapatsa a Ednah.

Firijiyo sinkafuna magetsi a m'tauni. Padenga panali sola, pansi pa tebulo panali batire, basi. Mkati mwake munali kainjini kakang'ono kotchedwa kompuresa. Kankalira motsitsa ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, nkukhala chete, nkuyambiranso.

Ana a m'mudzimo ankaganiza kuti mumakhala nyama ndi zakumwa. Koma munalibe zimenezo. Munkakhala timabotolo ta insulini, mankhwala a bambo Ezron, amene ankadwala matenda a shuga. Matendawo ndi amene anawafooketsa maso nkuwasiyitsa ntchito yoyendetsa malole. Nchifukwa chake a Ednah anapita kukagwira ntchito kutali.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Selestina, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amene anali mu giredi 10. Ndiye ankawerengera atate ake timizere ta pa jakisoni m'mawa ndi madzulo, popeza iwo sankationanso bwino. Ndiyenso ankapukuta firijiyo tsiku ndi tsiku, ngakhale isanade.

Pachivundikiro panali timapepala tomata tolembedwa mayina a malo amene firijiyo inafikako. Selestina ankatisisita ndi chala akamapukuta. Nthawi zina ankatsamiritsa tsaya lake pamenepo nkumamvetsera kainjini kaja. Amayi ake anachoka ndi chikwama chawo chofiira chimanga chisanamasule. Tsopano chinali chitakololedwa kalekale, minda itayera, dzuwa la Okutobala litafika, koma iwo anali asanabwerebe.

2. Foni ya Lachinayi

Lachinayi masana, Selestina atangofika kuchokera kusukulu, foni ya atate ake inalira. Anali a Ednah. Atamaliza kulankhula ndi amuna awo, anapempha kuti amve mawu a mwana.

"Sele, mwanangu, uli bwanji?"

"Nili bwino, Amama. Muli kuti?"

"Tili ku Mfuwe. Loweruka tikagona pa mlatho wa Luangwa."

Selestina analumpha. "Ndiye kuti mubwera kunyumba!"

"Ayi, mwanangu. Kukacha tikhotera ku Feira, kenako tiwolokera ku Zimbabwe. Msewu wa kwathu sitidutsamo. Alendo amafuna chakudya m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo wophika ndine ndekha."

Selestina anakhalanso pansi.

"Sele, ulipo? Tandiuza, nsapato zija ndinakugulira zikukukwanabe?"

"Zinachepa kale, Amama."

"Zinachepa?" anatero amayi ake. "Ndiye kuti mwana wanga akukula ine osamuona. Mwina wandipitirira kale msinkhu. Ndikanakonda nditango..."

Foni inaduka. Anayesa kuimbanso, koma sinalowe.

Madzulo ake Selestina anapita kumjigo kukatunga madzi. Kumeneko anapeza mnzake wa m'kalasi, Mainess, ndipo anamufotokozera zonse.

"Iwe Sele, uli na mwayi!" anatero Mainess. "Ba Peterson ayenda ku Luangwa pa Loweruka na mnzawo ba Mwaba. Akagona kumtsinje mu tenti, abwera pa Sondo na nsomba. Na ine niyenda nawo. Tiye tikakambe nawo manje manje."

Peterson anali mlongo wake wa Mainess. Anali mnyamata wamkulu, wogulitsa tomato ku Chongwe, ndipo anali ndi vaneti, galimoto yotsegula kumbuyo. Anamupeza akutsuka matayala.

"Shani, Sele?" anamulonjera. Atamva nkhaniyo anapukuta manja nkumwetulira. "Malo aliko, palibe vuto. Koma ubwere na firiji ija ya kwanu. Tizailumikiza ku motoka, nsomba zikafike kuno zili bwino."

"Muli mankhwala a atate," anayankha Selestina.

"Ni masiku awiri chabe. Mankhwala ungaike mu mtsuko wa madzi. Ukabwera na firiji, uzaona amayi ako. Ngati sufuna, malo ako nizapatsa wina."

3. Mawu a Atate

Lachisanu dzuwa litapendeka, bambo Ezron anali pansi pa mtengo wa mango akusema mpini. Selestina anawabweretsera madzi akumwa, nkugwada pambali pawo. Anawauza za ulendo wa Peterson, osabisa chilichonse.

"Azakhali a Nelesi angakuwerengereni timizere ta pa jakisoni," anatero. "Pa Sondo nizakhala nabwera. Chonde, Atate."

Bambo Ezron anaika kasemasema pansi.

"Khala bwino, mwanangu, ndikuuze. Usaganize kuti mtima wanga ndi mwala. Amayi ako ndikuwasowa monga ukuwasowera iwe, mwinanso kuposa. Maso angawa akanakhala abwino, Loweruka bwenzi ndili pa mlathopo ndisanakuuze nkomwe.

"Koma mvetsera. Anamwino anatiuza, iwe uli pomwepo, kuti insulini sagwirizana ndi kutentha. Akapsa, si nthawi zonse amasintha mtundu kuti umuzindikire. Amatha kuoneka wabwinobwino, iwe nkubaya, koma m'thupi osagwira ntchito. Ukukumbukira chaka chija firijiyi isanabwere, pamene ndinagwa kumunda mpaka munandinyamula pa ngolo? Unali wamng'ono, koma unalira njira yonse. Timabotolo tili m'menemo ndi tonse timene ndinalandira kuchipatala. Tikawonongeka, sindikudziwa ngati ndingapeze tina msanga. Mtsuko umathandiza m'miyezi yozizira, koma taona dzuwa la chaka chino. Ngakhale nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Amayi ako sanabwere ndi firiji imeneyi kuchokera kutali kuti izisangalatsa anyamata."

"Atate, akuti ni ya nsomba."

"Nsomba ndi za pobwerera. Nanga popita muzikhala chiyani?"



"Chinanso ndi msewu," anapitiriza bambo Ezron. "Ndauyenda zaka zambiri msewu umenewo. Ukadutsa Rufunsa umayamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekela, mbali ino phiri, mbali inayo phompho. Ine ndikafika pamenepo ndinkatseka wailesi, manja onse awiri nkukhala pa chiwongolero. Ndaonapo anyamata a msinkhu wa Peterson atagonekedwa m'mbali mwa msewu, amayi odutsa atawafunditsa zitenje zawo. Peterson si mwana woipa, amandilonjera bwino. Koma mnyamata akakhala ndi mnzake, galimoto, ndi botolo lozizira pafupi, amaiwala kuti kumbuyo wanyamula ana a eni ake.

"Pirira, mwanangu. Mvula ikayamba alendo amachepa, amayi ako adzabwera. Firiji isatuluke m'nyumba muno. Wamva?"

"Namva, Atate," anayankha Selestina ndi mawu otsika.

Komabe atachoka pamenepo anakapemba moto, nkukazinga mtedza wodzaza mbale. Anauthira mchere wochepa monga ankaukondera amayi ake, nkuumanga m'kansalu.

4. Nyumba Ikhala Chete

Loweruka m'mawa Selestina anawerengera atate ake timizere ta pa jakisoni monga mwa masiku onse. Atamwa phala, bambo Ezron ananyamuka kupita ku msonkhano wa akulu a mpingo. Mnzawo wina anawakweza pa njinga. Ananena kuti abwera dzuwa litapendeka.

Selestina anaima pakhomo mpaka njingayo inabisika m'mitengo. Anasesa pabwalo. Anatsuka mbale. Kenako analowa m'nyumba nkuima patsogolo pa firiji.

Kunja kunamveka hutala ya galimoto.

"Sele! Tiye, tachedwa!" anafuula Mainess.

Selestina anatsegula chivundikiro. Mpweya wozizira unamuwomba kumaso. Anatola timabotolo tija, nkutimanga bwinobwino m'pepala la pulasitiki, nkutimiza mu mtsuko wa madzi umene unali pakona. Pamwamba pa mtsukowo anayalapo nsalu yonyowa. Atatero anagwada pansi pa tebulo nkuzula chingwe ku batire.

Kainjini kaja kanaleka kulira. M'nyumba munangoti zii. Selestina anali asanamvepo nyumba yawo ili chete chotero, ndipo anaima kaye chingwe chili m'manja.

Hutala inaliranso.

Peterson ndi Mwaba analowa, wina kugwira uku wina uku, nkuikweza kumbuyo kwa vaneti. Peterson anadutsitsa chingwe pawindo nkuchilumikiza kutsogolo. Injini ya galimoto italira, firiji nayo inayambanso kulira. Selestina anavala diresi lake la kutchalitchi, nkutenga kansalu ka mtedza kaja, nkukwera. Sanadutsire kwa azakhali ake, ngakhale nyumba yawo inali pafupi.

Atafika pa msewu wa tala, mphepo inayamba kuwawomba. Atsikana awiriwo anakhala kumbuyo, atatsamira tenti yokulungidwa, firiji ili pakati pawo. Ankadutsa matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu, amayi ogulitsa nthochi, malole aataliatali opita ku Chipata. Mainess anayambitsa nyimbo ya kwaya, Selestina nkuvomera.

"Uzawauza chiyani ukawaona?" anafunsa Mainess.

"Sinizakamba chilichonse. Nizaima pafupi nawo chabe, tione wamtali ndani."

Onse anaseka. Selestina anaika dzanja pa chivundikiro. Firijiyo inali itabwerera pa msewu umene inazolowera, ndipo iye kwa nthawi yoyamba anali kuyenda nayo kulowera kumene kunali amayi ake.

Asanapite patali, Peterson anaima pa kasitolo kena. Mwaba anatulukamo ndi kireti ya mowa, nkuyamba kusanja mabotolo m'firiji.

"Nanga malo a nsomba?" anafunsa Selestina.

"Pobwera mabotolo azakhala atha," anayankha Mwaba akuseka.

5. Pa Rufunsa

Anafika pa Rufunsa dzuwa lili pamutu. Peterson anaimika galimoto pa msika kuti agule nyama yootcha. Kutentha kwake kunali koopsa. Tala ankaoneka ngati akuyenda, ndipo chitsulo cha vaneti sichinkagwirika. Kutsogolo, chakum'mawa, mapiri ankaoneka motuwa.

"Ukadutsa mapiri aja, ndiye kuti wafika," anatero Mainess akuloza. "Milomo yanga yauma. Dikira nidzole mafuta."

Anapisa m'chikwama nkutulutsa kabotolo ka mafuta odzola, aja olimba otapa ndi chala. Atangotsegula, mafutawo anakhuthukira pa siketi yake ngati madzi.

"Mayo! Asungunuka onse!" anadandaula Mainess. "Koma anali mu chikwama, dzuwa sanalione."

Selestina anayang'anitsitsa mafuta aja akuyenderera pa siketi. Nyumba yawo inali ya malata, yopanda siling'i. Masana ngati amenewa munkatentha kuposa panja. Nsalu ija anayala pa mtsuko iyenera kuti inali itauma kalekale, ndipo panalibe munthu woinyowetsanso.

Nthawi yomweyo Peterson anabwera akutafuna nyama. Anatsegula firiji, nkutulutsa mabotolo awiri. Limodzi anapatsa Mwaba, linalo analitsegula ndi mano nkuyamba kumwa.

"Ba Peterson, mukumwa? Nanga si ndimwe muyendetsa?" anafunsa Selestina.

"Limodzi chabe, la ludzu. Ine msewu uyu niudziwa."

Selestina anayang'ana mapiri aja nthawi yaitali. Kenako anaimirira.

"Nifuna kubwerera kunyumba."

"Wati chiyani?" anadabwa Peterson.

"Nifuna kubwerera na firiji. Mankhwala a atate azaonongeka."

"Iwe, wapenga? Tayenda mtunda wonse uwu! Ine sinibwerera."

"Sinakambe kuti mubwerere. Munitsitse chabe."

Mainess anamugwira dzanja. "Sele, amayi ako ali kuseri kwa mapiri aja. Ukabwerera manje, uzawaona liti? Ganiza bwino."

Misozi inali italengeza m'maso mwa Selestina. Anatsegula chivundikiro nkuyamba kutulutsa mabotolo limodzilimodzi, nkumawabwezera m'kireti. Mwaba anafuna kumuletsa, koma amayi ogulitsa pa msikapo anali atayamba kuyang'ana, ndipo anachita manyazi. Peterson anazula chingwe mokwiya nkuchiponya pansi.

"Tenga chifiriji chako! Koma usakanipemphenso motoka."

Selestina anatola chingwecho nkuchikulunga. Amayi awiri a pa msika anamuthandiza kutsitsa firiji. Atatero anatembenukira kwa mnzake.

"Mainess, tsika naiwe. Tiyende tonse."

"Siningawasiye ba Peterson okha. Nizakhala kutsogolo, niziwakumbutsa kuti ayende pang'onopang'ono."

Selestina anamupatsa kansalu ka mtedza kaja. "Ukawapatse amama. Ukawauze kuti nakazinga nekha. Ukawauzenso kuti nafika mpaka pa Rufunsa."

Vaneti inanyamuka. Selestina anaiyang'ana ikuchepa pa msewu mpaka inalowa m'mapiri. Pamenepo anakhala pa firiji, nkuphimba nkhope ndi manja, nkulira.

6. Ulendo Wobwerera

Anadikira nthawi yaitali. Mabasi akuluakulu ochokera ku Chipata ankangodutsa osaima. Basi iliyonse ikamadutsa ankayang'ana m'mawindo, ngakhale ankadziwa kuti amene akumufunayo sali m'menemo. Mayi mmodzi wogulitsa nthochi anamukokera pa mthunzi nkumupatsa madzi, osamufunsa chilichonse.

Pomaliza panaima minibasi yopita ku Chongwe. Kondakitala anang'ung'udza kuti katunduyo adya malo a munthu, komabe anamukweza. Selestina anakhala mopanikizika, mawondo atagunda firiji, njira yonse.

Anatsika pa mphambano ya kwawo dzuwa litayamba kupendeka. Kuchokera pa tala kukafika kunyumba kunali kamtunda, ndipo panalibe njinga kapena ngolo. Anapinda chitenje chake kukhala nkhata, kondakitala nkumusenzetsa.

Firijiyo inali yolemera kuposa ndowa ya madzi. Khosi linkawawa, thukuta linkalowa m'maso, diresi la kutchalitchi linamatirira kumsana. Ana amene ankasewera m'njira anasiya mpira wawo nkumamuyang'ana. Iye sanatule mpaka anafika pabwalo la kwawo.

Pansi pa mtengo wa mango panali azakhali ake, a Nelesi, mlongo wawo wa bambo Ezron. Patsogolo pawo panali mtsuko uja, wokulungidwa ndi chiguduli chonyowa, ndipo iwo ankauwaza madzi. Atamuona anaimirira nkumutula. Onse awiri analowa nayo m'nyumba, Selestina nkulumikiza chingwe. Kainjini kaja kanayambanso kulira.

Apo mpamene a Nelesi anatsegula pakamwa.

"Mwana iwe, wandidwalitsa mtima lero. Ndinabwera kudzabwereka sefa, ndikupeza batire ili yokha. Ndinayesa kwabwera akuba, mpaka ana atandiuza kuti akuona uli pa galimoto ya Peterson. Nditapisa dzanja mu mtsukomu, madzi anali atayamba kufunda ngati osambitsira khanda. Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikuthamangira kumjigo, kusintha madzi, kunyowetsa chiguduli. Kudimba sindinapiteko. Nanga ndikanapanda kufuna sefa?

"Kusowa amayi ako si mlandu. Ine amayi anga anamwalira ndili wamng'ono kuposa iwe, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la sopo amene ankasambira ndimaima m'njira. Ndikudziwa mmene zimawawira. Koma chinthu ukachilakalaka kwambiri, maso amangoona kumene ukupitako, osaonanso amene wawasiya kumbuyo. Ukanafika pa mlatho paja, amayi ako akanakukumbatira, inde. Kenako akanaona firijiyi ili pa galimoto ya anyamata, nkukufunsa kuti, 'Nanga mankhwala a atate ako ali kuti?' Ukanawayankha chiyani? Iwo akupsa ndi moto wa alendo kutchire kuti atate ako akhale ndi moyo. Anachoka mtima uli m'malo chifukwa anasiya iwe pano."

Selestina anagwada. "Nalakwa, Azakhali."

"Walakwa ndithu. Koma wabwerera wekha, ndipo zimenezo ndaziona. Dzuka, firiji ikazizira tibwezeremo mankhwalawa."

7. Mawu a Munthu Wachilendo

Bambo Ezron anafika dzuwa litafiira. Selestina sanadikire kuti azakhali ake ayambe. Anawalandira chikwama cha mabuku a mpingo, nkuwakhazika pa mpando, nkuwauza zonse kuyambira m'mawa.

Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa mawondo.

"Unafika pati?" anafunsa.

"Pa Rufunsa."

"Ndiye kuti mapiri unawaona."

"Ninawaona, Atate."

Bambo Ezron anapumira m'mwamba. "Sunandimvere, ndipo zandipweteka. Lolemba tipita nawo mankhwalawa kuchipatala, anamwino akatiuze ngati ali bwino. Ukawafotokozera ndi pakamwa pako zimene zinachitika. Koma ndikudziwanso kuti kubwerera utaona mapiri aja si chinthu chapafupi. Ine sindikudziwa ngati ndikanatha."

Anatambasula dzanja nkumugwira pamutu, pamene panali potupa chifukwa cha katundu uja. Selestina anatsamira bondo la atate ake. 

Kenako foni inalira m'thumba la jekete. Bambo Ezron anaipereka kwa mwana wawo kuti awawerengere dzina.

"Ni amama!" anafuula Selestina. Anayankha msanga. "Amama, pepani, ine..."

"Halo? Kodi ni kunyumba kwa ba Ednah?" Anali mawu a mwamuna.

"Inde. Ndimwe ndani?"

"Ndine Abraham, dalaivala wa motoka ya alendo. Ba Ednah anaiwala foni yawo mu motoka. Nifuna kumva ngati afika bwino."

"Kufika kuti?"

"Kwanu. Tinafika pa mlatho m'mawa ndithu. Anapempha abwana kuti akaone mwana wawo, ine nkuvomera kuphikira alendo madzulo ano. Anakwera lole yopita ku Lusaka dzuwa lisanafike pamutu. Nikamba na Selestina, eti? Njira yonse kuchokera ku Mfuwe anali kukamba za iwe. Sanafike?"

Selestina anayang'ana atate ake, kenako azakhali ake. 

"Akuti chiyani?" anafunsa bambo Ezron akuimirira. "Sele, akuti chiyani?"

"Amama anali kubwera kuno," anayankha. "Ananyamuka kale, m'mawa."

Anasiya foni m'manja mwa azakhali ake nkuthamangira panja. Anaima kumapeto kwa bwalo nkuyang'ana njira yochokera ku tala. Dzuwa linali pafupi kulowa, ng'ombe zikubwerera kumakola, fumbi lili m'mwamba.

M'fumbimo munatulukira munthu mmodzi akubwera mofulumira. Selestina anathamanga kukamuchingamira, akufuula kuti, "Amama! Amama!" Koma atayandikira anaima.

Sanali amayi ake. Anali Mainess, ali yekha, wapansi, atakumbatira pachifuwa chikwama chofiira chija cha a Ednah.

"Sele," anatero akulira, "lole imene anakwera amayi ako yachita ngozi mu mapiri muja."